Musatitume ma tulip, maluwa muli nawo pakhomo

Akonzi,

Ndiloleni ndiyankhe kudzera m'nyuzipepala yanu pempho lomwe limandipeza chaka chilichonse ikangokwana miyezi ya Epulo ndi Meyi. Kwathu ndi ku Zomba, koma ndimakhala mumzinda wa Leeds ku England komwe ndimagwira ntchito yosamalira okalamba. Nyengo ya mphukira ikafika kuno, ambiri a ife timajambula maluwa a pakhomo n'kuponya pa WhatsApp, ndiye mayankho ake sasintha: "Achemwali, pobwera mutitengereko mbewu ya maluwa ofiirawo." Apongozi anga anapempha, alamu anga a ku Lilongwe anapempha, amayi anzanga a Mvano nawonso anatumiza uthenga. Anzanga a ku Manchester ndi ku Glasgow akuti nawo amatumidwa zomwezo. Maluwa amene anthu amawasilira kwambiri ndi ma tulip ndi ma daffodil. Yankho langa ndi lakuti sindibweretsa, ndipo si kuumira ayi.

Chithunzi chimabisa zambiri. Chimakuonetsani duwa, koma sichikuonetsani miyezi imene duwalo linadikiridwa. M'mwezi wa Disembala kuno ku Leeds dzuwa limatuluka 8 koloko itadutsa kale, ndipo 4 koloko ya madzulo isanakwane kunja kwada. Umapita kuntchito kuli mdima, umaweruka kuli mdima. Mitengo yambiri imakhala itayoyola masamba, dothi limakhala lonyowa ndi lozizira, m'mabwalo a nyumba mulibe chobiriwira kupatula kapinga ndi mipanda. Anthu amayenda atawerama, manja ali m'thumba, moni wake wa pakamwa pokha. Ndiye kumapeto kwa Januwale timaluwa toyera totchedwa snowdrop tikasuzumira pansi pa mpanda, utali wake wosaposa chala, mudzaona munthu wamkulu ndi ndevu zake ataima pamsewu n'kumatiyang'ana. Mukanatiika pakati pa maluwa a ku Zomba palibe akanatiwerengera. Kuno n'tamtengo wapatali chifukwa ndi toyamba, ndipo timabwera anthu atatopa.

Kuchokera pamenepo maluwa amalandirana. Febuluwale ndi Malichi ndi nthawi ya crocus. Ku Harrogate, tauni yomwe ili kumpoto kwa Leeds, bwalo lalikulu lotchedwa Stray limasanduka lofiirira ndi lachikasu m'mphepete mwa misewu. Kenako ma daffodil amadzaza paliponse, m'makomo, m'mapaki, m'zitunda za pansi pa linga lakale la mzinda wa York. Anthu a ku Wales amavala duwa limeneli pachifuwa pa 1 Malichi, tsiku la David Woyera, ndipo bungwe la Marie Curie, lomwe limasamalira odwala amene ali kumapeto kwa moyo wawo, limasonkhetsa ndalama mwezi womwewu pogawa timabaji ta duwali. Lamulungu lomaliza la Malichi mawotchi amasunthidwa ndi ola limodzi, madzulo n'kutalika, anthu n'kuyamba kutulutsa mipando panja. Pofika Juni dzuwa limalowa cha m'ma hafu pasiti naini usiku, moti ukaweruka 8 koloko umapezabe nthawi yothirira.

Nyumba yomwe ndimachita lendi ndi ya m'mizere ija yolumikizana khoma ndi khoma. Kuseri kuli kabwalo kakonkire komwe kamagawana malo ndi mabini a zinyalala ndi chingwe choyanikira zovala. Dothi palibe, choncho zonse ndimadzala m'miphika, m'ndowa zobooka ndi m'mabeseni otha ntchito. Amene anandiphunzitsa ndi bambo wina wachikulire wa khomo loyandikana nalo, yemwe anapuma pantchito yoyendetsa mabasi. Ana anga amangowatchula kuti agogo. Tsiku lina mu Novembala, kukuwaza kamvula kozizira, anandipatsira pamwamba pa mpanda kathumba kapepala kodzaza timitu ta tulip, n'kundiuza kuti ndikumbe kuya kwake katatu kutalika kwa kamutuko, kosongoka kuloze kumwamba, ndikwirire, ndiyale waya wa khola la nkhuku pamwamba kuopa agologolo, kenako ndiiwale. Ma daffodil, iwo anati, amadzalidwa msanga, mu Seputembala kapena Okutobala, ndipo agologolo sawakhudza. Ma tulip amachedwetsedwa dala mpaka dothi litazizira kuti nthenda ya nkhungu imene imawotcha masamba ake isawagwire. Zimafanana ndi banki m'khonde: umaponya pamene thumba likuwawa, miyezi n'kumapita osaona kanthu, kugawana kwake n'kwa tsiku lina.

Kugawanako kukafika, m'mwezi wa Epulo, ndimakhala pa sitepe ya khomo la kuseri ndi kapu ya tiyi ndikachoka ku shifiti ya usiku. M'mawa kukadali kozizira duwa la tulip limakhala lotseka, losongoka, lolimba. Dzuwa likangodutsa denga la nyumba ya kutsidya n'kuwomba pa ndowa, limayamba kumasuka pang'onopang'ono, ndipo pofika masana latambasuka moti umaona pakati pake pakuda ndi ufa wachikasu. Madzulo limadzitsekanso. Limachita zimenezi tsiku ndi tsiku kwa sabata ziwiri kapena zitatu, tsinde lake likupindikira komwe kuli kuwala, mpaka tsiku lina mphepo ikawomba upeza tonse tayoyokera pakonkire. Basi kwatha, mpaka chaka chamawa. Masamba ake osaoneka bwinowo sudula ayi. Umawasiya pafupifupi sabata zisanu ndi imodzi kuti afote okha, chifukwa ndi amene amabwezera chakudya m'kamutu ka pansi.

Apa ndiye pagona chifukwa choyamba chimene ndimakanira. Kwawo kwenikweni kwa tulip ndi kumapiri a pakati pa Asia, komwe chisanu chimakhala choopsa ndipo chilimwe chimakhala chouma. Anthu a ku Turkey ankawalima m'minda ya mafumu awo, kenako anafika ku Ulaya. Katswiri wa zomera Carolus Clusius anapita nawo ku Leiden m'dziko la Netherlands mu 1593, ndipo Adatchi anawakonda mopitirira muyeso mpaka mitengo yake inakwera mopenga n'kudzagwa mwadzidzidzi mu 1637, anthu n'kulira. Mpaka lero timitu tambiri togulitsidwa kuno timachokera ku Netherlands. Koma ngakhale layenda maiko onsewo, duwali silinaiwale phiri la kwawo. Kamutu kake kamafuna kukhala m'dothi lozizira, pansi pa madigiri 9, kwa sabata 12 mpaka 16 motsatizana. Popanda kuzizira kumeneko tsinde silitalika, duwa limabanikira m'masamba kapena osatuluka n'komwe. Inde ku Dedza ndi ku Mzimba kumazizira mu Juni ndi Julayi, ndipo ku Nyika madzi amaundana usiku, koma masana dzuwa limatenthetsanso dothi. Onjezani apa kuti nyengo zathu n'zotembenuka: timitu timagulitsidwa kuno kuyambira Seputembala mpaka Novembala, ndiye tikafike kumudzi pa nthawi imene phula likusungunuka pamsewu. M'maiko otentha ena anthu amatisunga m'firiji miyezi itatu asanadzale, n'kudzaona maluwa kamodzi kokha, chaka chinacho kugulanso tina. Ndani mwa ife angapereke malo a m'firiji kwa miyezi itatu, ndi magetsi athu othimathimawa, chifukwa cha duwa la sabata ziwiri?

Chachiwiri ndi lamulo. Zomera, mizu ndi timitu sizidutsa malire a dziko popanda chilolezo ndi chikalata chotsimikiza kuti zilibe matenda, ndipo lamulo limeneli ine ndimagwirizana nalo. Aliyense amene anaona momwe chisaka chinathera nthochi ku Thyolo ndi ku Mulanje akudziwa kuti nthenda ya mbewu imayenda ndi ana a mbewu amene anthu amapatsana mwachikondi.

Chachitatu ndimachinena ngati mayi. Kamutu ka daffodil ndi anyezi simungazisiyanitse msanga: kukula kwake, khungu lake louma lofiirira, zonse n'zofanana, kungoti alibe fungo la anyezi. Koma ndi poizoni, amasanzitsa ndi kutsegula m'mimba koopsa. Kuno komwe anthu anakulira nawo, a zaumoyo a boma analembera masitolo akuluakulu mu 2015 kuwachenjeza kuti asamaike ma daffodil pafupi ndi ndiwo zamasamba ndi zipatso, chifukwa anthu ena anali atawadya mosadziwa. Nanga kwathu, komwe anyezi amakhala m'lichero pakhonde ndipo mwana wa sitandade 5 ndi amene amatumidwa kukazinga tomato?

Sindikufuna kuti mumve ngati maluwa a kuno ndi chisangalalo chokhachokha. Mvula ya Meyi ikagwa usiku kumatuluka nkhono, zina za zigoba zina zopanda zigoba, ndipo mbande imene unaisamala pawindo kuyambira Malichi umaipeza m'mawa yatsala kamtengo kokha ndi mamina onyezimira pansi. Kwathu amati kuona maso a nkhono n'kudekha, koma kuno ukadekha nkhonoyo ikumaliza. Mankhwala amene anthu ankadalira, a metaldehyde, analetsedwa mu 2022 chifukwa ankapha mbalame ndi tinyama tina. Agogo aja amakwirira tizitini ta mowa m'dothi kuti nkhonozo zigweremo. Ine ndimatuluka ndi tochi usiku n'kuzitola pamanja, ana akundiseka pawindo.

Za chionetsero chachikulu cha maluwa cha ku Chelsea mumzinda wa London, chomwe chimachitika mu Meyi ndipo chakhala pamalo omwewo kuyambira 1913, sindinenapo zambiri. Ndimaonera pa TV ngati wina aliyense. Ndi minda ya anthu a ndalama, yomangidwa m'masabata ochepa n'kuphwasulidwa. Amene amandigwira mtima ndi maluwa a m'makomo wamba pamene Meyi akupatsira Juni. M'nkhalango ya Middleton kum'mwera kwa Leeds, kumayambiriro kwa Meyi, pansi ponse pamakhala pa buluu ndi ma bluebell, omwe lamulo la 1981 limaletsa kuwakumba kutchire. M'makomo peony amatulutsa maluwa aakulu ngati chibakera, olemera moti mvula ikangogwa amagona pansi, ndipo sakhalitsa. Ma rozi amayamba. Ndiye pali foxglove, yemwe amamera yekha m'mng'alu wa konkire kuseri kwa bini langa, wamtali kufika pachifuwa, maluwa ake olendewera mondondozana. Njuchi zikuluzikulu zaubweya za kuno zimalowa m'duwa lililonse thupi lonse, kumangomveka kulira kwake mkatimo, n'kutuluka chafutambuyo zitayera ndi ufa, kenako kukwera pa duwa lapamwamba pake. Zimayambira pansi kupita m'mwamba nthawi zonse. Chomera chimenechi nachonso ndi poizoni, komabe ndi momwe munachokera mankhwala a mtima amene dokotala William Withering analemba za ntchito yake mu 1785, ndipo mtundu wa mankhwala amenewo okalamba ena amamwabe mpaka lero.

Kuntchito kwathu kuli gogo wina wamkazi amene matenda oiwala anamugwira kwambiri, moti mwana wake akabwera amamufunsa kuti ndinu ndani. Tsiku lina mu Juni ndinamutengera kamtolo ka sweet pea kuchokera pa mpanda wanga. Anakanunkhiza, n'kundiyang'ana mwaukali, n'kundiuza kuti ndizithyola tsiku lililonse, ndisalole kuti abereke nyemba, apo ayi asiya kuchita maluwa. Ananena zoona ndithu, ndi momwe chomeracho chimachitira. Anafotokozanso momwe bambo ake ankakumbira ngalande n'kuthiramo manyowa chisanu chisanathe. Patapita kanthawi anali atabwereranso kumene amakhala masiku onse, koma kamtoloko sanalole kuti wina akachotse patebulo.

Tsopano mvetserani, abale anga otuma ma tulip, zimene Angerezi amadzala maluwa a mphukira akatha. Kuno mbewu zosapirira chisanu sizitulutsidwa panja mpaka kumapeto kwa Meyi, poopa mame oundana a usiku. Nthawi imeneyo ikakwana, anthu amakhamukira kumalo ogulitsira mbewu n'kubwerako ndi mathireyi odzaza. Ndinaima m'sitolo ina yotere n'kumaseka ndekha. Nsatsi, inde nsatsi zomwe zimamera padzala kwathu, zili mumphika ndi mtengo wake wa mapaundi, ndipo m'mapaki amazidzala pakati penipeni pa bedi chifukwa cha masamba ake ofiira. Pambali pake m'bale wake wa bonongwe, wa ngala zofiira zolendewera. Kenako m'bale wake wa luni, wa maluwa apinki. Lantana, amene alimi kwathu amalimbana naye ndi zikwanje, kuno amasungidwa mumphika n'kulowetsedwa m'nyumba chisanu chikayamba. Ma canna amene kwathu amangokhala kuseri kwa bafa chaka chonse, kuno amakumbidwa mu Novembala n'kusungidwa m'galaja. Ma geranium a m'mawindo, agapanthus wa buluu, ndi mitundu yambiri ya gladiolus, makolo ake anachokera kum'mwera kwa Africa. Bougainvillea amene anaphimba mipanda ya ku Namiwawa ndi ku Area 10, kuno amafuna nyumba yagalasi. Poinsettia amene ku Zomba amakula kuposa munthu n'kufiira m'miyezi yozizira, kuno ndi kamphika ka pa Khirisimasi kamene kamafa Januwale asanathe.

Koma nkhani imene ndimafuna Amalawi aidziwe ndi ya kaduwa kamene kuno amati busy lizzie, kodzala m'mabasiketi olendewera pa makomo ndi pa malo omwera mowa dziko lonse lino. Akatswiri amakatchula kuti Impatiens walleriana, potengera dzina la Horace Waller, mmodzi wa amishoni a Anglican a bungwe la UMCA amene anafika ndi Bishopu Charles Mackenzie ku Magomero mu 1861. Waller anatola chomerachi m'dera lathu lomwe lino la mtsinje wa Shire ndi Zambezi, ndipo Joseph Hooker wa ku munda wa zomera wa Kew ndi amene anachipatsa dzinalo mu 1868. Kwawo ndi kum'mawa kwa Africa, kuyambira ku Kenya mpaka ku Mozambique, Malawi ali momwemo. Aliyense amene anakulira m'munsi mwa phiri la Zomba kapena la Mulanje amatidziwa timaluwa ta mtundu umenewu, ta tsinde lamadzimadzi, tomera pamthunzi m'mphepete mwa mitsinje. Tili ana tinkafinya timatumba ta njere zake kuti tiphulike m'zala, n'kupiringizika ngati kambozi. Sitinkadziwa kuti kutsidya kwa nyanja anthu akupanga nato chuma. Mu 2011 nthenda ya nkhungu inapha timaluwa timeneti ku Britain konse, masitolo ambiri n'kusiya kutigulitsa kwa zaka zingapo, ndipo anthu anadandaula kwambiri mpaka akatswiri anapanga mitundu yopirira. Ife tili nato kumtsinje, ulere, ndipo tsinde lake ukangoliika m'botolo la madzi limatulutsa mizu.

N'chifukwa chake pempho la ma tulip limandipweteka pang'ono. Nyengo ya mphukira nafe tili nayo, ndipo ndi yodabwitsa kuposa ya kuno, chifukwa imabwera mvula isanagwe, dziko lili gwaa. Mu Seputembala mitengo ya mombo ndi tsamba imatulutsa masamba ofiira m'mapiri. Muwale umachita maluwa ofiira pa nthambi zopanda tsamba ndi limodzi lomwe. Okutobala ndi wa jakaranda, mlendo wochokera ku South America amene anakhazikika m'misewu ya Blantyre, Zomba ndi Lilongwe, ndipo ikamathothoka jakaranda mitengo ya flamboyant, yochokera ku Madagascar, imayaka mu Novembala. Chizimalupsa chikangogwa, pamalo pomwe panapsa ndi moto pamatuluka maluwa ofiira ozungulira ngati mpira, opanda masamba, ochokera m'timitu ta pansi. Amenewo ndiwo ma tulip athu: nawonso amagona m'dothi miyezi yambiri, kungoti chimene amadikira ndi mvula osati chisanu. Mvula ikakhazikika kumabwera flame lily, duwa la fuko la anzathu a ku Zimbabwe, lomwe limayanga m'tchire kwathu ndipo kuno mizu yake imagulitsidwa umodziumodzi m'timapaketi. Limenelinso ndi poizoni woopsa, musalidzale pomwe pamasewera ana. Ku Nyika kokha kuli mitundu yoposa 200 ya maluwa otchedwa orchid.

Komabe makomo ambiri kwathu ndi osesedwa mbee, dothi lokhalokha kuyambira pakhonde mpaka kumsewu. Zifukwa zake ndikuzidziwa ndipo sindikuzipeputsa: njoka, udzudzu, mbuzi za aneba, nkhuku zopalasa, madzi ogula pa kiyosiki, ndiponso eninyumba amene angakutulutse mwezi uliwonse. Ndikudziwanso mawu aja akuti maluwa sadyera nsima. Koma taonani pamene timawalemekeza maluwa: pa ukwati ndi pa maliro. Munthu amakhala zaka makumi asanu ndi awiri osapatsidwapo duwa, tsiku loikidwa m'manda nkhata n'kuunjikana mpaka mtumbira osaoneka. Pabalaza timaika maluwa apulasitiki ochita kupukuta fumbi, pamene panja dzuwa ndi dothi zili zokwanira kutipatsa enieni miyezi khumi ndi iwiri. Mayi anga, amene analera ana ambiri ndi ndalama yochepa, anali ndi mzere wa ma canna ndi ma rozi awiri pomwe ankatayira madzi otsukira mbale, ndipo sindikumbuka kuti tinagonapo ndi njala chifukwa cha rozi.

Nkhani ya madziyo musaganize kuti ndi ya kwathu kokha. Kuno ku Yorkshire kuthirira ndi paipi kunaletsedwa mu 2022 ndiponso mu 2025 chifukwa madamu anaphwa. Aneba anga anasowa mtengo wogwira. Ine ndinangobwerera ku zimene ndinakulira: beseni pansi potsuka mpunga ndi ndiwo zamasamba, madzi otsukuluzira zovala m'ndowa, kuthirira madzulo patsinde osati pamasamba, ndi kuphimbira dothi. Agogo aja, amene anandiphunzitsa za tulip, ulendo uno anabwera kudzafunsa kwa ine.

Kwa Amalawi anzanga okhala kuno ndili ndi mawu ochepa. Tikapeza kamalo timathamangira kudzala mpiru, repu ndi maungu a nkhwani, ndipo n'zoyenera, inenso ndili nazo. Koma siyaniko ndowa ziwiri za maluwa. Njuchi zimene zimabwerera maluwa ndi zomwezo zimene zimabereketsa maungu anu. Timitu ta daffodil timatsika mtengo m'masitolo wamba ikafika Okutobala, ndowa mumasamuka nayo landilodi akakweza lendi, ndipo mu Febuluwale, pamene mtima umalakalaka kumudzi kwambiri, mudzakhala ndi chifukwa chotsegulira chitseko cha kuseri.

Chinthu chimodzi chokha cha kuno chimene ndingakonde kunyamula m'chikwama si mbewu ayi. Mu 1927 kunayambika dongosolo lotchedwa National Garden Scheme. Eni minda 609 anatsegula zipata zawo kuti anthu alowe kudzaona maluwa polipira shileni imodzi, ndipo ndalama zoposa mapaundi 8,000 zimene zinapezeka zinapita kwa anamwino oyendera odwala m'makomo. Mpaka lero likuchitikabe. Ukaona chikwangwani chachikasu pamsewu Lamulungu la mu Meyi kapena Juni, umalowa, umalipira pang'ono, umazungulira, umagula tiyi ndi keke ndi mbande za mwini munda. Kale inali minda ya mabwana, koma masiku ano ngakhale timabwalo ta nyumba za m'mizere timatsegulidwa, makomo angapo a msewu umodzi pa tikiti imodzi. Ndalama zake zimapitabe ku mabungwe a unamwino ndi osamalira odwala. Ndikaona zimenezi ndimaganiza za mipingo yathu, yomwe ikafuna ndalama ya denga imangodziwa Pepa Sande. Bwanji amayi a Mvano, a Chigwirizano, a Dorika kapena a Legio osasankha Loweruka limodzi mu Disembala kapena Januwale, makomo khumi a ku Chilomoni kapena ku Mchesi atsegule zipata, anthu alipire pang'ono, amwe thobwa, agule nthambi zodzala, ndalama ipite kwa odwala a m'dera lomwelo? Amene ali ndi pakhomo pokongola angapeze ulemu, ndipo amene alibe angabwerere ndi kanthambi m'manja.

Pomaliza ndikupempheni inu Akonzi. Tsamba lanu la ulimi limatiuza za chimanga, fodya, soya ndi feteleza, ndipo n'zofunikadi. Tipatseniko kadanga kakang'ono, ngakhale kamodzi pamwezi, kolemba za maluwa a pakhomo m'Chichewa, kotsata nyengo zathu osati za m'mabuku a ku Ulaya. Olemba alipo. Ku Zomba kuli a National Herbarium and Botanic Gardens, amene amasamala munda wa zomera womwe Alexander Whyte anayamba mu 1891. Ku Bunda kuli aphunzitsi a ulimi wa maluwa ndi zipatso. Ndipo musaiwale anyamata ogulitsa mbande m'machubu m'mphepete mwa misewu ya m'mizinda yathu, omwe amadziwa pamtima mbewu imene imapirira chiswe, imene mbuzi siidya, ndi imene imagwira kuchokera ku nthambi. Atiuze kuti ku Nsanje kukhoza kumera chiyani ndipo ku Dedza chiyani, maluwa ati ndi oopsa kwa ana ndi ziweto, ndi ati amene sitiyenera kukumba kutchire. Muyambe mu Ogasiti, chifukwa nthambi za bougainvillea, hibiscus ndi rozi zimafunika kuikidwa m'machubu pamthunzi nthawi imeneyo kuti mvula ikamadzagwa zikhale zili ndi mizu.

Ine wanu,
Mayi wa ku Zomba wokhala ku Leeds, England